Tseka buku, mwana wanga

Mwana wanga, tsiku limene dzina lako linatuluka kuti wasankhidwa kukaphunzira unamwino ndi uzamba ku Holy Family College of Nursing and Midwifery, amayi ako anandiimbira foni mawu akunjenjemera ndi chimwemwe. Nane ndinaliza nthungululu. Koma nditaika foni pansi ndinakhala chete pakhonde, maso ali ku phiri la Michesi, ndikukumbukira chaka changa choyamba. Ine ndine mayi ako wamkulu, ntchito imeneyi ndaigwira mpaka imvi zadzaza m'mutumu, ndipo sindingakusiye ulowe pachipata cha sukuluyo ndisanakuuze za phunziro limodzi limene ndaona likugwetsa ana anzeru, ana amene anakhoza bwino MSCE mudzi wonse n'kumawanyadira.

Phunziro lake ndi anatomy ndi physiology. Anatomy ndi kapangidwe ka thupi, chiwalo chilichonse dzina lake ndi malo ake. Physiology ndi mmene ziwalozo zimagwirira ntchito. Kuvuta kwake si kwakuti zinthu zake n'zosamveka ayi. Vuto ndi kuchuluka kwake ndi liwiro lake. Zimene munkazikambirana modekha m'kalasi ya Biology ku sekondale, kumeneko zimatha m'masiku ochepa. Lero muli pa maselo, mawa mwafika pa mafupa 206 a munthu wamkulu, usanawagwire bwino mwalowa m'minofu, kenako mtima, kenako mitsempha ya ubongo yokhala iwiriiwiri 12 ndi ya mumsana yokhala iwiriiwiri 31. Mphunzitsi sadikira, chifukwa ali ndi zaka 3 zokha zoti akusandutse munthu woti n'kumusiyira moyo wa mnzake m'manja. Wotsalira sabata imodzi amapeza anzake ali kutsidya.

Ine mayeso anga oyamba a phunziro limeneli ndinalephera, pasukulu imene ndinaphunzira kalekale. Si kuti ndinali waulesi. Ndinkawerenga mpaka tambala woyamba, mapazi ndili nditawaviika m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisandigwire. Buku ndinalilembalemba mizere yofiira pafupifupi tsamba lililonse. Ndikatsegula mutu wa mtima zonse zinkaoneka zozolowereka, ndipo mumtima ndinkati ndazidziwa. Tsiku la mayeso funso linati tilondole dontho la magazi kuchokera kumwendo, lidutse mumtima ndi m'mapapo, libwererenso kumwendo. Chithunzi cha m'buku chija ndinkachiona m'maganizo, mbali ina yofiira, ina yabuluu, ngakhale ngodya ya tsamba pamene chinali. Koma njira ya magaziyo inandisowa. Ndinagwira cholembera mpaka nthawi inatha.

Mphunzitsi wathu, mayi wachikulire wosakonda zolankhulalankhula, anandiitanitsa. Anandifunsa ngati ndinawerenga, ndipo ndinayankha misozi ili m'maso kuti ndinawerenga kwambiri, n'kuwaonetsa buku langa lofiira ndi mizere. Iwo analitenga, kulitseka, n'kuika dzanja lawo pamwamba pake. Kenako anandipatsa choko nati, "Jambula mtima pabolodipo." Ndinajambula chinthu chonga mpira, n'kuima. Iwo anati, "Chimene ukudziwa ndi chimene chatsala m'mutu mwako buku likatsekedwa. Zinazo n'za mwini bukuyo." Mawu amenewo ndi amene ndikukupatsira lero, ndipo zonse zimene ndinene m'munsimu zikuchokera pamenepo.

Choyamba, maso amanyenga. Ukawerenga tsamba kachitatu limayamba kuoneka ngati mnzako wakale, ndipo umaganiza kuti walidziwa. Kuzindikira nkhope ya munthu ndi kwina, kudziwa njira ya kwawo ndi kwina. Tsono werenga kagawo kochepa, tsamba limodzi kapena awiri, utseke buku, utenge pepala lopanda kanthu, ulembe kapena ujambule zonse zimene ukukumbukira. Ukatha utsegule, uone pamene waphonya, ukonze ndi cholembera cha mtundu wina. Pamene pachuluka zokonza ndi pamene pali ntchito yako ya mawa. Njirayi imawawa, chifukwa imakuonetsa umbuli wako pamaso. Kuwerenga mobwereza kumakoma, chifukwa kumakusangalatsa. Iwe sankha yowawayo. Mu 2006 akatswiri awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anayesa zimenezi pa ophunzira. Ena anawauza kuti aziwerenga nkhani mobwerezabwereza, ena aziyesa kuikumbukira osaiona. Atawayesa patangopita mphindi zochepa, obwerezabwereza aja anachita bwino. Atawayesa patapita sabata, amene ankadziyesa okha ndiwo anakumbukira zambiri. Iwe sukuphunzirira mphindi zochepa. Ukuphunzirira zaka zonse zimene udzavale yunifolomu.

Chachiwiri ndi nthawi. Unakulira kuno, ukudziwa chimene mvula yamphamvu imachita pamunda wa m'mbali mwa phiri wopanda mizere yopingasa. Imagwa yambiri ola limodzi, imathamanga kutsetsereka, imakokolola nthaka, ukakumba mawa lake umapeza pansi pali pouma. Mvula yamawawa, yogwa pang'onopang'ono masiku angapo, ndi imene imalowa mpaka kumizu. Kuwerenga usiku umodzi wonse mayeso ali mawa ndiye mvula yokokolola ija. Katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kale mu 1885 kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri m'maola ndi m'masiku oyambirira atangophunzira chinthu, ndipo kuti kuchibwerera patapita nthawi kumachedwetsa kuiwalako. Choncho zimene mwaphunzira lero uzikumbukire lero lomwe dzuwa lisanalowe kapena usanagone, ngakhale kwa theka la ola. Uzibwererenso pakapita masiku awiri kapena atatu, kenako pakatha sabata, kenako pakatha mwezi. Nthawi zonsezo buku likhale lotseka poyamba. Munda wa nandolo supaliridwa kamodzi n'kuuiwala. Ndiponso usiku wa tsiku lililonse, kwa mphindi khumi, suzumira mutu umene muphunzire mawa, ungoona mitu yake ndi zithunzi. Ukatero, mphunzitsi akamathamanga m'kalasi udzakhala ngati munthu woyenda njira imene anaionapo kale masana.

Tsopano za mawu. Ana ambiri amagwa mphwayi akaona mayina ataliatali a Chilatini ndi Chigiriki m'buku ngati la Ross and Wilson, limene lakhala likuphunzitsa anamwino kuyambira 1963. Usawaope. Anthu amene anatcha mayinawo anali ngati agogo ako, ankatcha chinthu poona chimene chafanana nacho. Pelvis ndi beseni. Cochlea, ya mkati mwa khutu, ndi nkhono. Malleus, kafupa ka m'khutu momwemo, ndi nyundo. Clavicle ndi kakiyi. Tibia ndi chitoliro. Ngakhale muscle anachokera ku mawu otanthauza kambewa, chifukwa mnofu ukamagwedezeka pansi pa khungu umaoneka ngati mbewa ikuyenda. Ndipo mawu ambiri ndi omangidwa ndi zidutswa zobwerabwera. Cardi ndi mtima, hepat ndi chiwindi, nephr ndi impso, gastr ndi chifu. Mawu othera ndi itis akunena kutupa. Hyper ndi kupyola muyeso, hypo ndi kuchepa, tachy ndi kuthamanga, brady ndi kuchedwa. Ukagwira zidutswa makumi angapo, mawu mazana amatseguka okha. Tachycardia sudzayenera kuiloweza, udzangoiwerenga: mtima ukuthamanga. Dula timakadi pa makatoni akale a sopo, kutsogolo ulembe chidutswa, kumbuyo tanthauzo, uziyenda nato m'thumba. Pamzere wa chakudya, kapena magetsi akathima madzulo, uzidzifunsa.

Chichewa chathu chikuthandize, koma usamale pamalo awiri. Ife timati mtsempha ponena artery, yotenga magazi kuchoka kumtima. Timatinso mtsempha ponena vein, yobweza magazi kumtima. Nerve, yonyamula uthenga wa ubongo, nayonso ndi mtsempha, ndipo tendon, yomangirira mnofu ku fupa, ndi mtsempha womwewo. Zinthu zinayi, dzina limodzi. Momwemonso kapamba, ena amatchulira spleen, ena pancreas, pamene ziwalo ziwirizi ntchito zake n'zosiyana kutalitali. Wodwala akadzati, "Anamwino, mtsempha ukundikoka," ndi iwe woyenera kudziwa kuti mwa inayi ija akunena uti. Choncho ukamamasulira phunziro m'Chichewa, ndipo uzitero tsiku lililonse, usakhutire ndi dzina lokha. Nena ntchito yake.

Usaiwale kuti chitsanzo chabwino kuposa chithunzi chilichonse ukuyenda nacho. Ukamaphunzira mafupa, uziwagwira pathupi pako. Tsatira clavicle ndi chala kuchokera pakhosi mpaka paphewa. Werenga nthiti zako, zilipo 12 mbali iliyonse. Ika zala ziwiri padzanja, mbali ya chala chachikulu, umve radial artery ikugunda, uwerenge kwa mphindi yathunthu, uone ngati zili pakati pa 60 ndi 100 monga ziyenera kukhalira kwa wamkulu amene wapuma. Ukwere kaphiri, uwerengenso, udzifunse chifukwa chake zasintha. Tsitsa dzanja mpaka mitsempha yobiriwira ituluke, upsinje umodzi ndi chala, ndi chala china ukankhe magazi kulowera kumtima. Udzaona mtsemphawo utaphwa osadzazanso kufikira utachotsa chala choyamba chija. Zitseko za m'mitsempha zimene zimaletsa magazi kubwerera m'mbuyo wazionera pathupi pako. William Harvey, amene mu 1628 anafotokozera dziko kuti magazi amazungulira m'thupi, anagwiritsa ntchito chionetsero chonga chomwechi pamkono wa munthu.

Ndipo tsiku la msika ku Migowi kapena ku Chiringa, sonkhanani ndi anzako mupite kwa opha mbuzi m'mamawa, muwapemphe akugulitseni mtima, mapapo ndi kholingo zili zolumikizana, ndi impso imodzi. Mtima wa mbuzi uli ndi zipinda zinayi ngati wa munthu. Ndimakumbukira tsiku limene ndinauchekera koyamba ndi maso a wophunzira, ngakhale ndinali nditaphika mitima ya mbuzi kuyambira ndili mtsikana. Ndinapisa chala mu mtsempha waukulu, chinakatulukira m'chipinda chapansi cha kumanzere. Khoma la chipinda chimenecho linali lochindikala, lolimba ngati chikhatho cha mlimi, pamene la kumanja linali lopyapyala. Ndinamvetsa pomwepo, popanda wondiuza, kuti la kumanja limangokankhira magazi kumapapo, pafupi pomwepo, pamene la kumanzere liyenera kuwafikitsa mpaka kuchala cha kuphazi. Ndinaona tizingwe toyera togwira zitseko za mtima kuti zisatembenuke. Kenako tinamangirira pampu ya njinga kukholingo, n'kupopa. Mapapo aja, amene anali ofota ndi akuda, anafufuma n'kuwala, tikasiya n'kuphwa okha. Zimene ndinaona m'mawa umenewo sindinaziwerengenso kachiwiri kuti ndizikumbukire. Mukatero muvale magolovesi ndipo musambe m'manja ndi sopo.

Mayina amalowezedwa, koma physiology silowezedwa, imafotokozedwa ngati nkhani, ichi chinachititsa ichi. Chida chako ndi funso limodzi la mwana wamng'ono: chifukwa chiyani? Chifukwa chiyani mwana akatsamwa ndi njere ya mtedza kawirikawiri imalowera ku phapo la kumanja? Chifukwa njira ya mpweya ya kumanja ndi yotakata ndipo inatsika mowongoka. Chifukwa chiyani jakisoni wa pathako timabaya kumtunda chakunja? Chifukwa chapakati ndi m'munsi mumadutsa sciatic nerve, ndipo ukailasa mwana akhoza kulemala mwendo. Chifukwa chiyani mwana wodwaladwala malungo amayera m'zikhatho ndipo kumanzere kwa mimba kumatupa? Chifukwa tizilombo ta malungo timaswa maselo ofiira, amene akanakhala masiku pafupifupi 120, ndipo spleen imakula pogwira ntchito yochotsa owonongekawo. Chifukwa chiyani mu Thanzi, womwetsa otsegula m'mimba, muli shuga pamodzi ndi mchere? Chifukwa m'matumbo mchere umalowa mosavuta ukatsagana ndi shuga, ndipo madzi amatsatira mcherewo. Mwana wotsegula m'mimba amene liwombo lalowa m'kati ndipo sakukodza, impso zake zikusunga madzi otsalawo. Impso ziwirizi zimasefa malita pafupifupi 180 patsiku, zigubu 9 za malita 20, n'kubweza pafupifupi onse m'magazi, kungotaya lita imodzi ndi theka. Nambala ukaiika m'chigubu choti ungachisenze, siithawa.

Mutu umodzi susenza denga, koma sankha bwino osenza nawo. Gulu likhale la anthu atatu kapena anayi, ndipo aliyense abwere atawerenga kale. Pagulu si powerengera, ndi pofunsana. Mmodzi aime, buku litsekedwe, afotokoze mmene mkodzo umapangidwira, enawo amupanikize ndi mafunso. Mayeso enieni a kumvetsa ndi awa: kodi ungawafotokozere agogo ako ku Mpasa, m'Chichewa kapena m'Chilomwe, chifukwa chake BP yawo ikakwera mutu umawawa ndi miyendo kutupa, iwo n'kugwedeza mutu kuti amva? Ukakakamira pakati, pamenepo ndiye pamene sunamvetse. Mapepala a mayeso akale ndi abwino, koma uwayankhe ngati uli m'chipinda cha mayeso, wotchi ili patsogolo, osati kuloweza mayankho a ena.

Ndipo funsa. Safunsa anadya phula. Ndaona atsikana ambiri akukhala chete m'kalasi poopa kuoneka achimidzi, ndipo manyazi amakula kwambiri mukafika pa ziwalo zoberekera. Tinaleredwa kuti zimenezo sizitchulidwa pagulu, ndipo ulemu umenewo ndi wabwino pamalo pake. Koma mzamba amene amachita manyazi kutchula ndi kujambula njira imene mwana amadutsa sangathandize mayi pobereka. Mafupa a m'chiuno, minofu ya pansi pake, mutu wa mwana ndi misoko yake, uzidziwe ngati njira ya kuchitsime. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Gona, mwana wanga. Beseni la madzi ozizira lija linandinamiza. Ubongo umakhazika zimene waphunzira pamene uli m'tulo, ndipo wosagona amangothira madzi m'dengu. Idya, ngakhale ndiwo zisakome. Foni ikhoza kukuonetsa mtima ukugunda ndi magazi akuzungulira, zimene ife sitinazione, koma nthawi yowerenga uizimitse, chifukwa WhatsApp ndi TikTok zimadya ola ngati chiswe. Ukadzalephera mayeso amodzi usadzabise ndiponso usadzataye mtima. Pita kwa aphunzitsi sabata yomweyo ndi pepala lako, ukafunse pamene unapatukira. Koma likasa usadzaligwire, ngakhale anzako onse atakhala nalo. Ukhoza kudutsa nalo m'kalasi, mwinanso kulota kudutsa nalo mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, koma kuli mayeso ena amene salowa ndi pepala m'thumba.

Mayeso amenewo ine anandipeza usiku wina pa chipatala chaching'ono chakumudzi, mvula ikugwa, msewu utaterera, ambulansi ili kutali. Mayi wina anali atangobereka mwana wake wachisanu. Nsengwa inatuluka bwino, mwana akulira, achibale panja ayamba kale kuthokoza. Nditagwira dzanja la mayiyo ndinamva mtima ukuthamanga, ngakhale BP inali isanatsike. Ndinadziwa kuti thupi likataya magazi mtima ndiwo umayamba kufulumira, BP imagwa mochedwa, ndipo woidikira amachedwa nayo. Nditavundukula chitenje ndinapeza magazi akuyenderera. Kumapeto kwa pakati, chiberekero chimalandira magazi opitirira theka la lita pa mphindi imodzi, ndipo kutaya theka la lita pobereka ndi chizindikiro kale cha ngozi. Nthawi yotsegula buku panalibe, ndipo bukulo kunalibe.

Ndinaika dzanja pamimba. Chiberekero chinali chofewa ngati phala, chitakwera ndi kupendekera kumbali. M'mutu mwanga munabwera chithunzi chimene ndinachijambula kambirimbiri buku lili lotseka: minofu ya chiberekero yolukanalukana ngati lichero, mitsempha ya magazi ikudutsa m'mipata yake. Minofuyo ikakungika imafinya mitsempha, magazi n'kuleka. Nanga chifukwa chiyani sichikukungika, ndipo chapendekeranji? Chikhodzodzo chili patsogolo pake penipeni, chikadzaza chimachikankha ndi kuchilepheretsa. Ndinatikita chiberekero mwamphamvu, ndinachotsa mkodzo ndi kapaipi, ndinabaya oxytocin, ndinaika dilipi, n'kuuza agogo ake a mwanayo kuti amuike kubere la amayi ake, pakuti kuyamwa kumachititsa thupi kutulutsa oxytocin wakewake. Pansi pa dzanja langa ndinamva chiberekero chikulimba pang'onopang'ono mpaka chinakhala ngati dzungu laliwisi. Magazi anachepa, kenako analeka. Kutacha mayiyo anapempha phala.

Boma lathu lino ukulidziwa. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula misewu ndi milatho, madera ngati Nkhulambe anakhala osafikirika, ndipo ogwira ntchito zachipatala amene anali kumeneko anatsala ndi manja awo ndi zimene zinali m'mitu mwawo. Usiku wako nawenso udzafika, kaya ndi kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kaya ndi kuseri kwa phiri. Mayi amene adzagone patsogolo pako sadzafunsa kuti unakhoza ndi malikisi angati. Thupi lake lidzakufunsa funso, ndipo udzayankha ndi chimene chinatsala buku litatsekedwa.

Pita bwino, mwana wanga. Ukadzabwera pa tchuthi choyamba udzandipeze kuno. Ndidzakhala nditagula mtima wa mbuzi ku Migowi, mpeni ndi mbale zili pamphasa. Buku lako udzandipatse ndidzaliike pansi pa dzanja langa, ndipo iwe udzandiyendetse njira ya dontho la magazi, kuchokera kumwendo mpaka kubwerera kumwendo.